Bwanji aphunzitsi ena a Chingerezi amatchaja fizi yokwera?

Pa Kamuzu Road ku Salima mungapeze aphunzitsi awiri a Chingerezi cha patitaimu, wina n'kumatchula mtengo woposa wa mnzake kawiri kapena katatu. Makolo ambiri amathamangira wotchipayo, ndipo n'zomveka, ndalama zikusowa. Komabe ndi bwino kudziwa chimene ndalama yowonjezerayo imagula.

Pa MSCE, Chingerezi ndiye chipata. Mwana akachilephera salandira satifiketi ya MANEB ngakhale atakhoza Masamu ndi Bayoloje. Kuti asankhidwe kupita ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, china mwa iwo chikhale Chingerezi. Giredi 7 kapena 8 ndi kungodutsa. Kuti ikhale kirediti pamafunika giredi 6 kapena yabwino kuposa apo. Kumuchotsa mwana pa 7 n'kumufikitsa pa 5 ndiyo ntchito imene aphunzitsi amasiyanirana.

Ndalama zambiri zimathera pa ntchito imene kholo siliiona: kuchonga. Kulemba kumaphunziridwa polemba, wina n'kukukonza, iwe n'kulembanso. Chimangirizo chimodzi cha mwana wa Fomu 4, ngati chikuchongedwa moyenera, chimadya mphindi 15 kapena 20. Werengerani nokha: ana 40 ndi maola 10 pa ntchito imodzi yokha. Palibe mphunzitsi angakwanitse zimenezo sabata ndi sabata, n'chifukwa chake wa gulu lalikulu amangolemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera, kapena amapereka mafunso osankha yankho amene ana amasinthana makope n'kuchongerana okha. Wa ana 6 amachonga kwa ola limodzi ndi theka, ndipo angathe kutero sabata iliyonse. Koma ana 6 ndiwo ayenera kulipira nthawi imene kwinako agawana ana 40. Mtengo umakwerera pamenepo.

Kuchonga kwenikweniko si kudzaza kope ndi inki yofiira. Mphunzitsi wodziwa amayang'ana kumene cholakwika chikuchokera. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha pamene Chingerezi chili ndi ochuluka, choncho mwana amamva mawu awiri osiyana ngati amodzi, n'kuwalembanso chimodzimodzi. Timasokoneza l ndi r chifukwa m'chinenero chathu sasintha tanthauzo. "Iye" wathu ndi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye m'chimangirizo amayi amasanduka "he" pakati pa nkhani. Mwana wina amayamba nkhani m'nthawi yakale, pofika ndime yachiwiri walowa m'nthawi yatsopano. Lililonse mwa mavutowa lili ndi mankhwala ake. Wosaphunzira bwino ntchitoyi amakonza zonse tsiku limodzi, mwana n'kugwa ulesi. Wodziwa amasankha ziwiri, n'kulimbana nazo kwa masabata awiri kapena atatu, kenako n'kupita pa zina. Pa chifupikitso amamuletsa kukopera ziganizo zathunthu za m'nkhani, chizolowezi chimene chimatayitsa malikisi ambiri. Pa ndakatulo ndi sewero amamuphunzitsa kupereka mfundo ndi umboni wake m'malo mongofotokozanso nkhani yonse.

Luso limeneli silibwera lokha. Digiri ya uphunzitsi ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University ndi zaka 4, ena anadutsa ku Domasi kapena ku Nalikule. Otere amafunidwanso ndi sukulu zapulayiveti, ndipo Lilongwe ali pafupi, makilomita pafupifupi 100. Akapanda kupeza phindu kuno kunyanja, amakwera minibasi. Onjezani zina zing'onozing'ono: mabuku a pasilabasi, fotokope ya mapepala a mayeso akale, bandulo, kabaza ngati akubwera kunyumba kwanu.

Okwera mtengo kwambiri ndi okonzekeretsa IELTS, mayeso amene anamwino ndi ofuna sukulu kunja amalemba kudzera ku British Council. Ali ndi magawo 4: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo malikisi ake amafika pa 9. Namwino wofuna ntchito ku UK amafunika 7 pa zonse pamodzi. Kulankhula sikungayesedwe pagulu. Mphunzitsi amakhala ndi munthu mmodzi, kumufunsa, kumujambula mawu pafoni, n'kumvetsera naye limodzi. Ukaperewera ndi theka la maliki ungafunike kulipiranso mayeso, ndiye kuumira pa mphunzitsi kumeneko n'kudzipweteka.

Tisanamizane, satifiketi payokha siphunzitsa. Alipo a digiri amene amatchaja zambiri koma kope la mwana osalitsegula. Musanalipire, funsani ana alipo angati pagulupo, ndiponso amalemba chimangirizo kangati pa mwezi. Pemphani kuona kope la wophunzira wina: kodi pali mawu ouza mwana choti akonze, ndipo analembanso? Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kumuyesa mwana tsiku loyamba, osati kutsegula tsamba loyamba la buku.

Sikuti aliyense akufunika wokwera mtengo. Mwana wa Sitandade 5 amene akudodoma powerenga amafuna munthu woleza mtima womumvetsera akuwerenga mokweza tsiku ndi tsiku, ndipo mphunzitsi wa kupulayimale amaitha bwino ntchitoyo. Wogwira ntchito kuhotelo ya ku Senga Bay amafuna kuzolowera kulankhula ndi alendo. Gulu la anthu ochepa lomachezera m'Chingerezi kawiri pa sabata limukwanira. Ndalama yambiriyo isungireni mwana wa Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo ayambe ali Fomu 3, chifukwa mwezi umodzi mayeso atayandikira sukonza kalembedwe ka munthu.