Khungu la mwana wobadwa masiku osakwana: uthenga kwa makolo a ku Chikwawa ndi Nsanje

Madzi a Shire akaphwa, dimba limatsala loyera. Mukafulumira kubzala chimanga, chimanga chimagwira. Mukachedwa, udzu umalanda malo. Khungu la khanda lilinso chimodzimodzi. Mwana akangobadwa, tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, timayamba kukhazikika pakhungu pake. Tonsefe tili nato, ndipo tambiri n'tabwino: timadzaza malo n'kutchinga toyambitsa matenda. Nkhani yagona pa tomwe tayamba kufika.

Mwana wobadwa masabata 37 a mimba asanakwane amakhala ndi khungu lopyapyala, makamaka amene wabadwa masabata 34 asanafike. Limataya madzi ndi kutentha msanga, limasupuka mosavuta, ndipo limatenga masabata angapo kuti likhwime. Popeza ana otere amakhalitsa m'chipatala, tizilombo toyamba pakhungu pawo nthawi zambiri timachokera m'manja mwa owasamalira, pa nsalu ndi pa zipangizo. Mtundu wotchedwa Staphylococcus ndiwo umachuluka. Kwa munthu wamkulu nthawi zambiri suvuta, koma kwa kakhanda kotere ungathe kulowa m'magazi kudzera pa mchombo kapena pakabala kakang'ono.

N'chifukwa chake achipatala amalimbikira njira ya kangaroo. Mwana amangovala thewera, chipewa ndi masokosi, n'kugona pachifuwa pa mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, atamangidwa bwino ndi chitenje. Amafunda, amayamwa pafupipafupi, komanso amatengera tizilombo ta mayi ake, tomwe mkaka wa m'mawere uli kale ndi chitetezo chake. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, wochitikira m'mayiko asanu kuphatikizapo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti kuyamba kangaroo mwana akangobadwa kunachepetsa imfa ndi 25 peresenti mwa ana obadwa ndi sikelo ya pakati pa 1 kg ndi 1.8 kg. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuchita kangaroo maola 8 mpaka 24 pa tsiku. Mayi akatopa, bambo kapena agogo alandire. Si ntchito ya amayi okha ayi.

Kuno kuchigwa ambiri amati, "Ndi kutentha kwa ku Ngabu kapena ku Bangula mu Okutobala, mwana angazizidwenso?" Inde angathe, makamaka m'bandakucha kapena akanyowa. Musafulumire kumusambitsa. Zoyera zonga mafuta zimene amabadwa nazo zimateteza khungu, choncho musazipale. Padutse maola osachepera 24, ndipo kwa mwana wochepa kwambiri dikirani anamwino akuuzeni. Thukuta lipukuteni ndi kansalu koyera, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche.

Pa mchombo musaikepo phulusa, dothi, mwaye kapena mankhwala azitsamba. Pakhale pouma, thewera lisaphimbepo. Ngati akupatsani mankhwala opaka pa mchombo otchedwa chlorhexidine kuchipatala, pakani monga anakuuzirani. Mankhwala ngati amoxicillin ogula pa golosale musamupatse, chifukwa amaphanso tizilombo tabwino tija.

Alendo odzaona mwana timawakonda, koma m'chikuta asamachuluke. Aliyense womugwira asambe m'manja ndi sopo, ndipo amene ali ndi chimfine, zilonda kapena mphere ayambe wadikira. Nthawi ya madzi osefukira, pamene zitsime zaipa kapena banja lili pamsasa, madzi omupukutira mwana muziwawiritsa kaye n'kuwasiya afunde.

Mwana akakana kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, akafooka, akakomoka, akachita chikasu, akatuluka matuza, kapena mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ali pachifuwa panu ulendo wonse, kaya ndi pa kabaza kaya pa bwato.