Mawu akamathetheka pojambula, musathamangire kuimba mlandu hard disk

M'masitudiyo aang'ono, mawu akayamba kudukaduka kapena kuthetheka pa mapulogalamu ojambulira nyimbo monga FL Studio kapena Cubase, ambiri amangoti disiki yatopa. Kawirikawiri si choncho. Tiraki imodzi ya mono yojambulidwa pa 48 kHz ndi 24-bit imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi, ndipo matiraki 24 pamodzi sapitirira 3.5 MB pa sekondi. Ngakhale disiki yakale ya mu laputopu imalemba zoposa pamenepa kangapo konse.

Chimene chimalemetsa disiki yozungulira ndi kudumphadumpha. Mkati mwake muli kamkono kamene kamasuntha kukafuna fayilo iliyonse, ndipo ulendo umodzi umatenga ma millisecond 10 kapena kuposerapo. Windows, ma sample ndi nyimbo yomwe mukujambula zikakhala pa disiki imodzi, kamkonoko kamakhala ngati wogulitsa mmodzi mu golosale yodzaza makasitomala. Ikani Windows ndi mapulogalamu pa disiki ina, zojambula pa inanso, ndipo ikhale yozungulira ka 7200 pa mphindi (7200 rpm) osati 5400. Ngati thumba likulola, gulani disiki ya mtundu wa SSD. Ilibe chozungulira, ndipo ngakhale yolumikizidwa kudzera pa SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi. Defrag, kusanja zidutswa za mafayilo kuti zikhale pamodzi, ndi ya disiki yozungulira yokha, pa SSD siithandiza kanthu. Musadzaze disiki mpaka pakamwa, siyani malo okwana 15 kapena 20 peresenti. Disiki yakunja ikhale pa format ya NTFS kapena exFAT, chifukwa FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB.

Koma gwero lenileni la kuthetheka nthawi zambiri ndi buffer. Kompyuta imakonza mawu m'timagawo totchedwa buffer, ndipo kagawo kalikonse kamayenera kufika pa sound card (kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu) nthawi yake isanathe. Pa 48 kHz, buffer ya ma sample 128 (apa sample ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri ka mawu) imapatsa purosesa ma millisecond 2.7 okha. Ikachedwa pang'ono, mumamva "thethe". Ya 1024 imapereka ma millisecond 21, purosesa imapuma, koma woimba amadzimva mochedwa m'mahedifoni ndipo amataya biti. Choncho jambulani pa 128 kapena 256 ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera tokonzera mawu) ochepa, kenako kwezani kufika 1024 posakaniza. Tiraki yolemera ndi reverb muichite freeze, ndiko kuisandutsa mawu okonzedwa kale kuti purosesa ipepukidwe. Ngati sound card yanu ili ndi direct monitoring, iyatseni: woimba amamva mawu ake asanalowe mu kompyuta, ndiye buffer mutha kuisiya yayikulu. Gwiritsani ntchito driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya mtundu wa ASIO yochokera kwa opanga khadiyo. ASIO4ALL ndi yongogwirizira pamene palibe ina.

China chimene ambiri sachiganizira ndi ma driver a zipangizo zina, makamaka Wi-Fi, amene amagwira purosesa kwa kanthawi n'kuchedwetsa mawu. Pulogalamu yaulere ya LatencyMon mukaisiya iyende mphindi 10 nyimbo ikusewera, imakuonetsani driver yomwe ikusokoneza. Pojambula zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth, tsekani Chrome, ndipo antivirus asamasanthule foda ya zojambula. Mu Power Options sankhani High performance, zimitsani USB selective suspend, ndipo pa "Turn off hard disk after" ikani 0. Laputopu ikhale pa chaja, poti pa batire purosesa imachepetsa liwiro. Sound card ilowe mwachindunji mu kompyuta, osati kudzera pa hub ya USB.

Kompyuta ikamayamba bwino n'kumavuta patadutsa theka la ola, ganizirani za kutentha. Fumbi likatseka fani, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye pemererani fumbilo ndi kuikweza kompyutayo mmwamba kuti mpweya uzidutsa pansi. Disiki ikamalira "kete kete", iyang'aneni ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikalemba "Caution", koperani ntchito zonse tsiku lomwelo. Kompyuta ya padesiki ikhalenso ndi UPS, batire losunga magetsi, chifukwa magetsi akathima fayilo ya WAV isanatsekedwe, nthawi zambiri siitsegukanso bwinobwino.