Nyanja ya kumpoto kwa Oahu imasintha ndi miyezi

Munthu akachoka mumzinda wa Honolulu pagalimoto n'kulowera kumpoto, kudutsa minda ya zinanazi ya ku Wahiawa, pakatha pafupifupi ola limodzi msewu umayamba kutsetsereka ndipo nyanja ya Pacific imatambasuka patsogolo pake. Kumeneko ndiko eni ake amati North Shore, gombe la kumpoto kwa chilumba cha Oahu ku Hawaii, dera la dziko la America. Tauni yake yodziwika, Haleiwa, ndi yaing'ono, ya masitolo amatabwa otsala m'nthawi ya minda ya nzimbe, ndipo fakitale ya shuga ya ku Waialua, pafupi pomwepo, inatsekedwa mu 1996. Nkhuku zimangoyendayenda m'mbali mwa msewu, anthu amalowa m'sitolo mchenga uli kumapazi, ndipo palibe amene amaoneka kuti akuthamangira kwina. Bata limeneli ndi lenileni, koma limathera pamtunda.

Pa ntchito yanga yolangiza apaulendo za chitetezo cha m'madzi, wina akandiuza kuti akufuna kupita ku gombeli, sindiyamba ndi kufunsa ngati amatha kusambira, koma ndimafunsa mwezi umene akufuna kupitako. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala nyanja imakhala yodekha masiku ambiri, kotero kuti ana amasewera m'madzi ku Waimea Bay ndipo alendo amavala magalasi osambirira n'kumaona nsomba pakati pa miyala ya ku Shark's Cove. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale malo omwewo amasanduka ena, mafunde otalika ngati nyumba yosanjikizana akumenya gombe ndi mkokomo womveka mpaka kumsewu.

Chimene chimadabwitsa alendo ambiri n'chakuti mafunde amenewa amafika ngakhale tsiku limene kuli dzuwa ndi kamphepo kayaziyazi. Amene anaonapo nyanja ya Malawi mwera utalusa amadziwa mafunde obadwira pomwepo, othithikana, amene amatha mphepo ikaleka. A ku Oahu amabadwira kutali, m'mikuntho ya nyengo yozizira ya kumpoto kwa Pacific, cha ku zilumba za Aleutian ndi kum'mawa kwa Japan. Mphepo ikaomba mwamphamvu kwa nthawi yaitali pamwamba pa madzi ambiri, mphamvu yake imalowa m'nyanja n'kuyenda makilomita zikwi zingapo kwa masiku awiri kapena atatu. M'njiramo timafunde tating'ono timatha, n'kutsala mafunde aatali otalikirana, amene pakati pa limodzi ndi linzake pamadutsa masekondi 15 mpaka 20. Funde lotere silioneka loopsa pakati pa nyanja, chifukwa mphamvu yake yambiri ili pansi. Koma zilumba za Hawaii ndi nsonga za mapiri ophulika amene anatumphuka kuchokera pansi penipeni pa nyanja, ndipo madzi akuya amafika pafupi kwambiri ndi gombe. Funde limafika lisanataye mphamvu, ndipo likakumana ndi matanthwe osaya, limachepetsa liwiro mwadzidzidzi, n'kuimirira, kenaka mutu wake n'kugwera kutsogolo.

Kaonekedwe ka funde kamadalira pansi pamene lagunda, ndipo n'chifukwa chake gombe la makilomita pafupifupi 11 okha, kuchokera ku Haleiwa kukafika ku Sunset Beach, lili ndi malo ambiri osiyana khalidwe. Ku Banzai Pipeline, pafupi ndi Ehukai Beach Park, thanthwe lathyathyathya lili pafupi ndi pamwamba pa madzi, choncho funde limapindika n'kupanga mphako yoti munthu woimirira pathabwa n'kulowamo. Mpikisano wa Pipe Masters, wa masewera okwera mafunde munthu ataimirira pathabwa, unayamba kuchitikira pamenepa mu 1971, ndipo thanthwe lomwelo lapha ndi kuvulaza akatswiri odziwa bwino malowo. Kwa mlendo wongoonera, ano ndiwo malo okoma koposa, chifukwa mafunde amaswekera pafupi ndi mchenga ndipo sipafunika makina oonera patali.

Waimea Bay ndi ina. Masiku ambiri a nyengo yozizira kunja kwa ndomo yake kumakhala zii, ndipo imadzuka pokhapokha mafunde akakula zedi. Kwa zaka zambiri okwera mafunde ankaiopa, mpaka mu Novembala 1957 pamene Greg Noll ndi anzake angapo analimba mtima n'kupalasa matabwa awo kukakwera. Dzina limene anthu a kumeneko amalitchula mwaulemu ndi la Eddie Aikau, mbadwa ya Hawaii, yemwe anali woyamba kulembedwa ntchito yopulumutsa anthu pagombeli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anavuula anthu oposa 500. Mu Malichi 1978 anali m'bwato lachikhalidwe la Hokule'a, limene linagubuduzika pafupi ndi chilumba cha Molokai. Iye anatenga thabwa lake kupalasa kulowera ku chilumba cha Lanai kuti akaitane chithandizo. Anzake anapulumutsidwa, koma iye sanapezeke. Mpikisano womukumbukira umachitika pokhapokha mafunde akafika msinkhu wa mamita pafupifupi 12 kwa tsiku lathunthu, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 unali utachitika ka 11 kokha chiyambire m'ma 1980. Wa pa 22 Januwale 2023 anaupambana Luke Shepardson, wopulumutsa anthu amene tsikulo anali pantchito, n'kumapempha kanthawi kokapikisana kenaka n'kubwerera pansanja yake. Choncho sindilangiza munthu kugula tikiti ya ndege n'cholinga chokaona mpikisanowu, pakuti pamatha zaka zingapo nyanja osaulola.

Pali msampha wina m'kayezedwe. Anthu a ku Hawaii ali ndi njira yawo yotchulira kutalika kwa funde, imene imapereka pafupifupi theka la msinkhu umene munthu woima pagombe amauona. Mbadwa ikanena kuti lero kuli mafiti 6 (pafupifupi mamita awiri), khoma la madzi likhoza kukhala mamita atatu kapena anayi. A zanyengo a boma la America amatchula msinkhu wonse wa kutsogolo kwa funde, ndipo amadalira zipangizo zoyandama zimene zili kutali kumpoto chakumadzulo kwa zilumbazi, zomwe zimaonetsa mafunde maola angapo asanafike. Ndi bwino kufunsa kuti nambala imene mwamva yayezedwa motani.

Ngozi za alendo sizigwera okwera mafunde okha, komanso anthu ovala zovala zawo amene amangojambula zithunzi. Mafunde ochokera kutali amabwera m'magulu, ndipo pakati pa gulu ndi linzake nyanja imatha kugona kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Munthu wofika panthawi ya bata imeneyi amaona madzi ali phee, amatsikira pamchenga wonyowa kapena kukwera mwala, ndipo gulu lotsatira limampeza atatembenukira kamera. Madzi amene akwera pamchenga wotsetsereka amabwerera ndi mphamvu yogwetsa munthu wamkulu, ndipo akalowa m'ngalande za pakati pa matanthwe amathamangira kunja ngati mtsinje wodzaza. Wogwidwa ndi mkokero wotere asalimbane nawo polunjika kumtunda, chifukwa adzatopa asanafike. Ayandame, akweze dzanja, ndipo mkokero ukafooka asambire chopingasa motsatira gombe. Koma uphungu wanga woyamba ndi wosavuta kuposa pamenepo: mukafika, khalani pamchenga wouma kwa mphindi 20 mukuyang'ana nyanja, muone pamene madzi anafika komaliza, muwerenge zikwangwani, kenaka mukafunse opulumutsa anthu pansanja yawo. Iwo sanyansidwa ndi funso, ndipo akatchinga gombe ndi chingwe chachikasu amakhala atauona kale msinkhu umene ukubwera.

Wofuna kuphunzira kukwera mafunde angapeze aphunzitsi ku Haleiwa, kumene kuli malo otetezeka a timafunde tofatsa. Aphunzirenso ulemu wa m'madzi, chifukwa funde ndi la amene ali pafupi ndi pamene layambira kusweka, ndipo kumulowerera n'kumuika pangozi. Masewerawa ndi chikhalidwe cha makolo a anthu a ku Hawaii, ndipo mlendo wodziona ngati mwini malo samalandiridwa bwino.

Zotsalazo n'zopepuka. Ku Laniakea akamba a m'nyanja amatuluka kudzaothera dzuwa, ndipo ndi otetezedwa ndi lamulo, choncho muime mamita atatu kutali osawakhudza. Pamwamba pa Waimea Bay pali Pu'u o Mahuka, kachisi wamiyala wakale wamkulu koposa pa Oahu. Pamenepo mumaona gombe lonse, koma ndi malo opatulika, osakwera pamipanda yake kapena kusuntha miyala. Ku Haleiwa anthu amaima pamzere kwa Matsumoto, sitolo yotsegulidwa mu 1951, kugula ayezi wopala wothira madzi a zipatso, ndipo cha ku Kahuku kuli magalimoto ogulitsa shrimp, tinyama ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu, tokazinga ndi adyo. Msewu wa Kamehameha Highway, womwe ndi waukulu wokhawo m'mbali mwa gombe, uli ndi njira imodzi yopita ndi imodzi yobwerera, ndipo tsiku la mafunde aakulu magalimoto amandandana kuyambira m'mamawa. Nyamukani ku Honolulu kusanache, musasiye katundu woonekera m'galimoto, ndipo musatseke zipata za anthu okhala m'mbali mwa msewu, amene nawonso amafuna kutuluka kupita kuntchito.