PCOS pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi: mafunso ndi mayankho

Ine PCOS, vuto lija la mahomoni limene limasokoneza mazira ndi msambo, ndakhala nayo kuyambira utsikana, kenako ndinadzapangidwa opaleshoni yochepetsa chifu yotchedwa sleeve. Chiyambireni anzanga a vuto lomweli amandifunsa zinthu zomwezomwezo, nde ndangoti ndizilembe pamodzi. Fayilo yanu mwini wake ndi dokotala wanu, apa ndikungokupatsani poyambira.

Ndiye kuti PCOS yanga yatha basi?

Ayi asisi, yangogona. Mpeni wa dokotala sunakhudze mabasiketi a mazira olo pang'ono. Pa sleeve amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, pa opaleshoni ina yotchedwa gastric bypass amasiya kathumba kakang'ono ka chifu n'kukalumikiza kumatumbo a kutsogolo kuti chakudya chizilambalala gawo lina. Chimene chimasintha ndi insulin, homoni yowongolera shuga m'magazi. Ambiri a ife thupi silimva insulin bwinobwino ndiye imangochulukana m'magazi, ikachuluka imakankha mabasiketi aja kupanga mahomoni achimuna ambiri, komanso imachepetsa pulotini ina ya kuchiwindi yotchedwa SHBG imene ntchito yake ndi kumanga mahomoni amenewa kuti asamangoyendayenda. Zotsatira zake mukuzidziwa kale: dzira silipsa, msambo umasowa, ndevu, ziphuphu, khosi kuda ngati susamba. Thupi likatsika insulin imatsika nawo ndipo zonsezi zimayamba kumasuka. Koma chibadwa chija chilipobe, thupi likadzakwera nayo imadzuka.

Msambo uyamba kuyenda bwino liti?

Ena miyezi yoyambirira yomweyo, asanatsike n'komwe makilo ambiri. Ena zimatenga nthawi. Kafukufuku wa BAMBINI wa ku UK, amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024, anatenga amayi 80 a PCOS, theka anapangidwa sleeve theka anali pa chithandizo cha mankhwala, ndipo m'chaka chimodzi a opaleshoni aja anatulutsa mazira paokha kuwirikiza pafupifupi kawiri ndi theka kuposa anzawo.

Chimodzi chokha musachitaye: mukatha masiku 90 osasamba, pamene simuli pa njira yolera imene imaimitsa msambo, yezetsani mimba kaye kenako pitani kuchipatala. Khungu la mkati mwa chiberekero likamangokhuthala osatuluka limatha kuyambitsa mavuto mpaka khansa, nde amakupatsani mapilisi a mahomoni otchedwa progestogen kuti lituluke.

Nanga lamulo loti usatenge mimba msangali ndi la chiyani? Ine ndadikira zaka zambiri kale

Apa nde pamene pamawawa, ndikudziwa. Munthu wakhala zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri akuyang'ana kamzere kamodzi pa kachipangizo koyezera mimba kaja, mwina opaleshoni yomweyi wailolera chifukwa chofuna mwana, kenako akuti dikira. Madokotala ambiri amati miyezi 12 mpaka 18, ena amafika mpaka 24, bola thupi likhale litasiya kutsika.

Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira. Chaka choyamba mumadya tochepa zedi, masipuni ochepa mwakhuta, pena kusanza, thupi likudzidya lokha kuti lipeze mphamvu. Ayironi, folic acid, B12, zonsezi zimakhala zikugwedezeka. Mwana wobwera nthawi imeneyo amapeza nkhokwe yopanda kanthu, amatha kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane, ndipo inu kutsika kwanu kumadukizika.

Choopsa ndi maganizo aja oti "aaa ine sinditenga mimba, zinakanika kalekale". Dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo usanabwere, kutanthauza kuti mutha kuima musanaoneko ngakhale dontho limodzi. Ndiye nseru mumaiyesa ya opaleshoni, kutopa mumati ndi kudya pang'ono, kusowa kwa msambo mumati ndi PCOS yakale ija, pozindikira mimba ili ndi miyezi. Zikakuchitikirani musachite mantha kapena manyazi, ingouzani a opaleshoni ndi a sikelo tsiku lomwelo ayambe kukuyang'anirani pafupi.

Chabwino, ndilere ndi chiyani? Mapilisi ndimamwa aja sakwanira?

Mukapangidwa bypass mapilisi si odalirika chifukwa mwina sangalowe mokwanira m'magazi, ndipo olo pa sleeve ngati mukusanza kapena kutsegula m'mimba ndi chimodzimodzi. Komanso aja okhala ndi homoni ya estrogen amakuimitsani pafupifupi masabata anayi opaleshoni isanachitike, poopa magazi kuundana m'mitsempha. Zimene amalimbikitsa ndi zosadutsa m'mimba: implanti ya pamkono kapena lupu. Kwa ife a PCOS ine ndimaona ngati lupu ya mahomoni ija ya levonorgestrel ndi imene imagwira ntchito zambiri, imalera, imateteza mkati mwa chiberekero, n'kuchepetsanso magazi a msambo ndiye ayironi satayika kwambiri. Jakisoni wa Depo amagwira ntchito koma amafewetsako mafupa ndipo ena amanenepa naye, kambiranani kaye.

Metformin ndi spironolactone ndisiye?

Metformin ndi mankhwala a shuga, spironolactone ndi ochepetsa mphamvu ya mahomoni achimuna, onsewa amaperekedwa kwa a PCOS. Musasiye nokha, musapitirizenso nokha mlingo wakale. Ambiri metformin amawachepetsera kapena kuwaimitsa shuga akakhazikika. Ngati mukupitiriza, wa mtundu wosungunuka pang'onopang'ono uja wolembedwa XR kapena SR nthawi zambiri amausintha, ndipo saphwanya ameneyo. Dziwaninso kuti metformin amatsitsa B12, opaleshoni nayo imatsitsa B12, ndiye awiriwa akakumana muziyezetsa. Spironolactone amakodzetsa, pamene inu masabata oyambawo mukuvutika kumaliza lita imodzi ndi theka ya madzi patsiku momwa pang'onopang'ono, chizungulire sichichedwa. Komanso ndi woopsa kwa mwana wam'mimba makamaka wamwamuna, samwedwa popanda kulera.

M'mimba mwa msambo mukamapweteka ndimwe chiyani?

Osati ibuprofen, osati diclofenac, osati aspirin pokhapokha dokotala atanena. Amenewa amatha kubowola zilonda pachifu makamaka pamsoko wa bypass. Paracetamol ndi botolo la madzi otentha pamimba. Zikakanika pitani akakupatseni zina.

Tsitsi likuthothoka koma ndevu zili phee, nanga zimenezi?

Izi zinandiliza ine. Mwezi wachinayi ndikapesa chipeso chimatuluka chitadzadza, pilo m'mawa tsitsi lokhalokha, kenako ndikayang'ana pagalasi pachibwano pali timinga tanga tija tolimba ngati waya tikundiyang'ana, n'kutenganso kopanira kaja kumazula limodzilimodzi ngati kale. Ndinkati nde ndapindula chiyani.

Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuthothoka koyamba miyezi 3 mpaka 6 opaleshoni itachitika ndi thupi kudzidzimuka, kumagwira mutu wonse ndipo kumasiya kokha, tsitsi limameranso. Muonetsetse mapulotini akukwana, osachepera magalamu 60 patsiku, ndipo ayironi ndi zinc ayezedwe. Kwa PCOS kuja n'kwina, kumapyapyala paliwombo pang'onopang'ono. Ndevu nazo ndi zamakani, olo mahomoni atatsika zimatenga miyezi 6 kapena kuposa kuti muone kusintha, zimayamba kumera mochedwa n'kufewako koma zimene zinakhwima kale sizichoka zokha, zimenezo ndi za laser kapena electrolysis, njira zoonongera mizu ya tsitsi ndi makina. Ziphuphu ndi kuda kwa pakhosi ndi m'khwapa nthawi zambiri zimatsogola kusintha.

Mavitamini amenewa ndimwa mpaka liti?

Moyo wonse, olo mukumva bwino chotani. Multivitamin, calcium ndi vitamini D, B12 kaya wa jakisoni kaya wakumwa, ndi ayironi. Ayironi amalowa kwambiri pachiyambi penipeni pa matumbo aang'ono, malo omwewo amene bypass imalambalala, ndiye onjezanipo kuti munthu amene unkasamba kawiri pachaka tsopano ukusamba mwezi ndi mwezi, magazi amachepa mosadziwika. Ayironi ndi calcium osamwera pamodzi, zitalikirane ndi maola awiri. Kuyezetsa magazi kumakhala pa miyezi 3, 6, 12 kenako chaka ndi chaka, ndipo muzipempha aonenso HbA1c (muyezo wa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapita) ndi mafuta a m'magazi chifukwa PCOS payokha imakuikani pafupi ndi matenda a shuga. Mukamasanza masiku angapo osaleka, mapazi kuchita dzanzi, maso kuona zachilendo, thamangirani kuchipatala, kutha kukhala kusowa kwa vitamini B1 ndipo kumeneko sikudikira.

Nthawi yakwana, ndikufuna mwana, ndiyambire pati?

Musanachotse lupu kapena implanti yezetsani magazi, zoperewera zikonzedwe, ndipo folic acid muyambe miyezi itatu mimba isanabwere. Amene BMI (muyezo wa kulemera poyerekeza ndi kutalika) idakali pamwamba pa 30 kapena ali ndi shuga amapatsidwa mlingo waukulu wa 4 kapena 5 mg. Multivitamin wanu aonedwenso, vitamini A wa retinol sayenera pa mimba, amasinthira wa beta-carotene. Ngati mazira sakutulukabe palinso letrozole, mankhwala othandiza dzira kutuluka, ameneyu ndi amene masiku ano amayamba naye kwa a PCOS.

Mukaima, kusikelo nenani za opaleshoni tsiku loyamba, musaganize kuti aona okha timabala tating'ono tija. Pa masabata 24 mpaka 28 amayi amamwetsedwa madzi a shuga wa magalamu 75 poyeza shuga wa mimba, koma kwa munthu wa bypass chimenecho ndi chilango, mtima kugunda, thukuta, kunjenjemera, nseru, kenako shuga kugweratu pansi, ija amati dumping. M'malo mwake amakuuzani kudzibaya pachala kangapo patsiku kwa sabata imodzi n'kumalemba. Ndipo kupweteka kwa m'mimba koopsa muli oyembekezera musakuyese kwa mimba chabe, matumbo amatha kupinikizika mkati, dokotala wa opaleshoni akuoneni.

Sikelo yayambanso kukwera, msambo wayambanso kudumpha, ndalephera eti?

Kukwerako pang'ono pakatha zaka ziwiri kumachitikira anthu ambiri. Chimene chimaononga ndi kubisala, munthu kusiya kupita ku kiliniki poopa kudzudzulidwa. Bwererani msanga, atha kukubwezerani metformin, kukuyambitsani majakisoni ochepetsa thupi ngati semaglutide ngati simukufuna mimba panopa, kukutumizani kwa wa zakudya kapena kuona ngati chifu chafutukuka. Zolimbitsa minofu zimathandiza insulin olo sikelo isasunthe. Muwauzenso za mumtima, PCOS imayenda ndi nkhawa komanso kukhumudwa, ndipo mowa pambuyo pa opaleshoniyi umalowa m'magazi mwachangu moti ena amapezeka auzolowera osadziwa. Popita tengani kabuku kapena foni imene mumalembamo masiku a msambo, funso loyamba adzakufunsani lomwelo.