BP siitha chifukwa choti mutu wasiya kupweteka

Pali mawu amene ndatopa kuwamva m'chipinda choonera odwala: "Adokotala, mankhwala aja ndinasiya, BP inatha." Ndikafunsa kuti anadziwa bwanji kuti yatha, yankho limakhala lomwelomwelo. Mutu unasiya kupweteka, chizungulire chinachoka, m'thupi muli gwa. Ndikakulunga lamba wa makina pamkono, nambala n'kubwera 170/100, munthu amandiyang'ana ngati makinawo ndi amene akunama.

Anthu ambiri amene magazi awo amathamanga kwambiri samva chilichonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati akuluakulu oposa 1 biliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa n'komwe. Adziwa bwanji poti palibe pamene pakuwawa? Nambala ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira apo mutayezedwa masiku osiyana, imeneyo ndi BP, kaya mutu ukupweteka kaya ayi.

Piritsi la amlodipine kapena hydrochlorothiazide silizula matendawa. Limatsitsa nambala pa nthawi imene mankhwalawo ali m'thupi, ndipo mukalisiya nambalayo imakweranso mwakachetechete. Nambala yabwino imene munaiona mwezi watha inkangosonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito. Inde, alipo ena amene timawachepetsera mapiritsi akatsitsa thupi, akachepetsa mowa ndi mchere. Koma zimenezo timachita tikuyeza mobwerezabwereza. Si zogamula nokha mutadzuka bwino m'mawa.

Pamene mukuti muli bwinopo, mitsempha ikulimba, mtima ukukula chifukwa chopopa movutikira, ndipo tisefa ta m'impso tikuwonongeka kamodzikamodzi. Impso zikafika potha sizibwerera.

Pali bambo wina amene mpaka lero ndikamuganizira mtima umandiwawa. Anali wa zaka za m'ma 50, wosamala kwambiri, moti ankabwera ndi kabuku kolembamo nambala zake. BP yake inatsika bwino. Kenako anasiya kuoneka. Tinadzamva pambuyo pake kuti wina anamugulitsa botolo la madzi akuda lopanda chizindikiro chilichonse, n'kumuuza kuti limatsuka magazi, koma lisasakanizidwe ndi mapiritsi a kuchipatala. Anamvera. Tsiku limene kapu inamugwa m'dzanja, pakamwa n'kupindikira mbali imodzi, achibale anamugoneka n'kuyamba kumusisita mkono ndi mafuta, amvekere ndi kutopa chabe. Anafika naye kwa ife tsiku lotsatira madzulo, mbali yakumanja itafa kale, mawu osatuluka. Mkazi wake anatulutsa kabuku kaja m'chikwama kuti ndione kuti mwamuna wawo ankasamala. Tsamba lomaliza linali ndi 128/82. Wogulitsa botolo uja sitinamuone pa wodi ngakhale tsiku limodzi.

Magazi satsukidwa ndi botolo. Ndipo aliyense amene akuyamba n'kukuuzani kuti muleke mankhwala anu kuti ake agwire ntchito, thawani. Zina mwa zosakanizasakaniza zimenezi zimapweteka impso zomwe BP yazifooketsa kale. Chimodzimodzi diclofenac ndi ibuprofen amene ena amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana kapena mawondo: amakweza BP, amavulazanso impso.

Ndikudziwa kuti si onse amasiya chifukwa chonamizidwa. Amlodipine amatupitsa mapazi kwa ena. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kosatha. Mapiritsi okodzetsa amavutitsa munthu amene ali pa ulendo. Abambo ena amaona kuti mphamvu za m'banja zachepa, koma amachita manyazi kunena, n'kungosiya mankhwala osauza munthu. Bwerani mudzanene. Mankhwala a BP alipo a mitundu ingapo ndipo timasintha. Komanso BP yosasamalidwayo nayonso imawononga mitsempha yomwe mphamvuzo zimadalira.

Za mchere sinditaya nthawi, mumazidziwa. Mlingo wake ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, osadzaza n'komwe kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo umene uli kale m'zakudya zogula.

Chimene ndikufuna chikhale m'mutu mwa aliyense wa pakhomo, ngakhale ana, ndi zizindikiro za sitiroko, matenda amene anagwira bambo uja. Pakamwa pakapindika, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, lilime likalemera mawu n'kumamveka ngati a munthu woledzera, nyamukani nthawi yomweyo. Musadikire kuche. Ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, pitanibe, chifukwa kawirikawiri limenelo limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu. Kumene kuli mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo, amaperekedwa m'maola anayi ndi theka oyamba okha. Musamumwetse madzi kapena phala, akhoza kutsamwa. Musamupatsenso aspirin kunyumba, chifukwa ngati mtsempha waphulika ndipo magazi akukha mu ubongo, aspirin amawonjezera kukhako, ndipo inu ndi maso simungasiyanitse. Kumbukirani ola limene munamuona komaliza ali bwino, tengani mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, ndi botolo lomwe ngati lilipo. Musalibise, tidzalifunsa.