Foni ya mwana wanu ikumuuza chiyani za thupi lake?

Kale mtsikana akatha msinkhu ankalangidwa ndi anankungwi, mnyamata ankamva kwa amalume. Ambirife tinabadwira kuno ku Zimbabwe, ku Mbare, Epworth kapena Mabvuku, ndipo abale amene akanalanga ana athu anatsala ku Dedza kapena ku Mangochi. Mpata umenewo walowamo WhatsApp, TikTok ndi Facebook. Malangizo akubwera usiku, mwana atafunda bulangete kumutu, bandulo atagula ndi chenji cha buledi.

Kumulanda foni sikuthandiza, abwereka ya mnzake. Ndipo pafoni pomwepo pali anamwino enieni amene akufotokoza bwino za msambo, nkhani imene amayi ambiri amaitchula mozemba. Vuto n'lakuti mwana wazaka 14 sangasiyanitse namwino ndi wogulitsa mankhwala a m'botolo.

Mabodza amene akuzungulira kwambiri ndi awa: akuti sungatenge mimba tsiku loyamba kugonana, akuti ukasamba kapena kukodza msanga mimba siilowa, akuti njira zolera zimawononga chiberekero. Zonsezi n'zonama. Mimba imatheka ngakhale tsiku loyamba. Njira zolera sizitseka mtsikana kubereka, kungoti akasiya jakisoni amatha kudikira miyezi ingapo asanatenge pakati. Komanso mapiritsi ndi jakisoni sateteza ku HIV kapena chindoko. Kondomu ndiyo imateteza ku mimba ndi matenda omwe.

Nambala imene banja lililonse liyenera kuidziwa ndi 72. Mwana akagwiriridwa, kapena kondomu ikaphulika, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amagwira bwino akamwedwa m'maola omwewo. Apa mpamene mabanja ambiri amalakwitsa: amayamba ndi kuitana akuluakulu, kukambirana za chindapusa, kudikira amalume achoke kuntchito Loweruka. Yambani ndi kuchipatala, milandu ibwere pambuyo.

Malamulo nawo anasintha kuchokera nthawi ya agogo. Mu 2016 khoti la Constitutional Court linagamula kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngosaloledwa. Kuyambira 2020 sukulu siiloledwa kuchotsa mtsikana chifukwa ali ndi pakati. Kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu iye asanavomere ndi mlandu, choncho "bwenzi" la pa Facebook likayamba kuopseza mwana kuti litumiza zithunzi zake ku gulu la kusukulu, musafufute mauthengawo. Ndiwo umboni ku Victim Friendly Unit, nthambi ya polisi yoona milandu ya nkhanza kwa ana ndi amayi.

Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Zimbabwe mu 2018 kwa atsikana azaka 10 mpaka 14. Funsani ku kiliniki ya khonsolo ngati mwana wanu anabayidwa. Mwana amene akuchita mantha kulankhula ndi munthu wapakhomo angathe kuimbira Childline, bungwe lothandiza ana, pa 116, ndipo saalipira.