Phokoso la ekizozi si mphamvu

Abale ambiri kuno ku Joni amakhulupirirabe kuti ukaboola ekizozi, kanjinga kamoto ka 150cc kapeza mphamvu zodzutsira tayala lakutsogolo. Ayi ndithu. Limachuluka ndi phokoso, ndipo nthawi zina injini imafooka ponyamuka.

Timaiwala kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya kuno ndi wopepuka, n'chifukwa chake njinga yomweyo imakoka bwino ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Kuno njinga ya kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, imamwa petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikupeza. Tamasulani pulagi muone mwaye wakuda bii. Makaniko ayambe wakonza jeti, kabowo kodutsa petulo mu kabureta.

Tayala limadzuka ndi sipuloketi (kagudumu ka mano koyendapo tcheni) yakumbuyo yokulirapo, dzanja lozolowera klatchi, phazi lili chire pa buleki yakumbuyo. Dziwani kuti ndi sipuloketi yokulirapoyo, liwiro lanu pa msewu waukulu wa M1 kuno ku Joni litsika.